Nkhope ya Mtsikana wa Tirigu

Mtsikana wa Tirigu anapulumuka nkhondo ziwiri, chigumula ndi ameya osawerengeka, koma nkhope yake inasowa masana dzuwa likuswa mtengo, pa tsiku limene khonsolo inaitana anthu kuti adzaone mmene ikumusamalirira.

Benedek Hollósi, wapolisi wofufuza milandu, anaima m'chipinda chapansi cha Nyumba ya Mzinda manja ali m'matumba. Zenera lalikulu la pamasitepe, la magalasi a utoto okhala ndi chithunzi cha mtsikanayo, linali litagonekedwa patebulo zidutswazidutswa. Mmisiri analiphwasula, nachotsa mtovu wakale umene unkagwira magalasi, kenako anayala chidutswa chilichonse pamalo ake papepala loyera. Diresi lobiriwira linalipo. Mtolo wa tirigu unalipo, manja awiri ataukumbatira. Tsitsi lakuda linalipo. Koma pakati pa tsitsi ndi khosi panali pepala lokha, ndipo papepalapo wina anaikapo nsangalabwi, kamwala kosalala ka kumtsinje, kakang'ono ngati dzira la nkhunda.

"Usavutike nako kamwalako," anatero Bwana Rácz, mkulu wake, akutafuna chotokosera m'mano. "Amafuna kuswera galasi."

"Galasi lake liti, bwana? Palibe chasweka."

"Ndiye kuti anasintha maganizo. Wakubayo ndamutsekera kale."

Wakubayo anali Áron Dimény, mmisiri amene ankakonza zeneralo. Anali wochokera tsidya la malire, ku Transylvania, dera la m'dziko la Aromaniya. Chihangare anayamwira pabere ngati wina aliyense, koma mumzinda muno ankangomutchula kuti Mromaniya. Umboni wa Bwana Rácz unali utatu: kiyi wa chipindacho anali naye, amadziwa mtengo wa galasi lakale, ndipo si wakuno.

"Lolemba akaonekera kukhoti," anatero. "Chilolezo chake chogwirira ntchito chifa, anyamule mkazi ndi ana abwerere kwawo. Ameya akufuna dzina, ndipo ine ndawapatsa. Ngati uli ndi dzina lina, bwera nalo pamodzi ndi nkhopeyo."

Benedek anatola kamwalako, nakaponya m'thumba la jekete.

Nyumba ya Mzinda inamangidwa nkhondo yoyamba isanayambe, nthawi imene tirigu ankalemeretsa anthu. Anaiveka denga la matailosi obiriwira ndi achikasu, naikongoletsa ndi maluwa adothi m'makoma mpaka bishopu wa nthawiyo anati ikufanana ndi keke ya ukwati. Asilikali anawombera wotchi ya pansanja. Achikomyunizimu anapaka laimu zithunzi za oyera mtima, nakweza nyenyezi yofiira, imene inadzatsitsidwanso zaka zingapo zapitazo. Koma mtsikana wa pazenera palibe anamukhudza, chifukwa mwana wonyamula tirigu amagwirizana ndi boma lililonse. Ansembe ankati ndi dalitso la zokolola, achipani ankati ndi mwana wa mlimi wosauka, ndipo tsopano anali pamapositikhadi ndi pamatumba a ufa. Za amene anali, theka la mzinda linkati ndi mwana wa meya woyamba, theka lina linkati ndi agogo awo.

*

A Vendel, mlonda wa pakhomo, ankakhala m'kachipinda ka pansi pa masitepe chiyambire masiku a nyenyezi yofiira. Benedek anawadziwa akadali wa makabudula.

"Bwana Benci! Khalani, khalani. Khofi?"

"Zikomo, madala, ndamwa. Dzulo munali pano tsiku lonse?"

"Ndi maondo awa ndipita kuti? Ndikafuna kuimirira ndimayamba ndawapempha."

"Analowa ndani m'chipinda cha magalasi?"

"Mufunse kuti sanalowe ndani. Ana asukulu ndi aphunzitsi awo. Abambo mfumu. Ajeremani awiri a makamera. Ameya ndi akazi awo, akazi awo enieniwo, osati enawo ayi. Belu la masana litalira onse anathamangira kumwamba, poti kuholo kunali vinyo waulere. Mukudziwa anthu akuno, akamva zaulere ngakhale olumala amachira."

"Chitseko anakhoma?"

"Ameya anakaniza. Akuti lero ndi nyumba ya anthu."

"Anatuluka ndi chikwama ndani?"

"Ajeremani aja. Ndinawasecha ndithu. Masoseji okhaokha, ogula kwa Lajos, onyenga aja."

"Ena?"

A Vendel anavula magalasi awo a maso n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya tayi. Anawapukuta nthawi yaitali.

"Enawo ndi anthu a masiku onse, bwana. Munthu wa masiku onse sumuona. Ali ngati mpando."

"Nditchulireni mayina a mipandoyo."

"Mutu wanga ndi sefa masiku ano."

Benedek anawayang'ana. Munthu wokumbukira kumene mlendo anagula soseji sakanaiwala nkhope za anthu amene amawapatsa moni tsiku ndi tsiku.

"Mukudziwa kuti pali munthu m'chitokosi? Wa ana ang'onoang'ono?"

"Ndamva. N'zoipa, n'zoipa kwambiri." Nkhalambayo inavalanso magalasi, koma maso inawaloza pakhoma. "Bwana Benci, ndinakunyamulani pamapewa inu. Mlandu uwu bwanji osaupereka kwa mnzanu?"

"Chifukwa chiyani?"

"Mukuoneka wotopa, basi."

*

Ofesi ya madandaulo inali pokhotera masitepe, moyang'anana ndi chibowo pamene panali zenera, tsopano chotsekedwa ndi matabwa. Mwini ofesiyo, Mayi Piroska Szalai, ankadziwa amene wasudzulidwa mumzinda muno asanadziwe mwini wake.

"Apolisi abwera! Ndibise fodya?" anatero, osamubisa. "Khala pansi, mnyamata. Sunakwatirebe? Mphwanga uja akadalipo, wangonenepa pang'ono."

"Mayi Piroska, dzulo munatsika kukaona magalasi?"

"Ndinatsika, kuti ndione ndalama za msonkho wanga zikugona patebulo. Mromaniya uja amalankhula ngati m'busa pamaliro. Galasi ili lidwala chakuti, mtovu uwu watopa mwakuti. Kenako ananyamula nkhope ija m'mwamba, akuti utoto wake ukusuluka, sangaibwezerenso pazenera. Ajambula ina yatsopano, yakaleyo aitsekera m'bokosi ipite ku Budapest, ikasungidwe m'chipinda cha pansi pa nyumba ya zakale. Ameya anawomba m'manja. Amawombera chilichonse amene aja, ngakhale maliro a apongozi awo."

"Anthu anati chiyani?"

"Ati chiyani? Amadikira vinyo. Kungoti mmodzi anachita chizungulire, ndinathamanga kukamutungira madzi."

"Ndani?"

Mayi Piroska anazimitsa ndudu imene inali isanafike n'pakati pomwe.

"Sindinamuonetsetse."

"Munamupatsa madzi m'manja, osamuonetsetsa?"

"Munali anthu ambiri, iwe."

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Benedek, ndili ndi ntchito. Taona mafailowa."

Patebulo panali failo imodzi, ndi nyuzi yotsegulidwa patsamba la maliro. Benedek anaimirira. Ali pakhomo anaona mpando wa odikira umene unali panja pa ofesiyo. Mipando ya odikira imayang'ana chitseko, kuti munthu aone nthawi yake ikakwana. Uwu unafulatira chitseko n'kuyang'ana matabwa aja, ndipo miyendo yake inali itakumba timaenje pansi, kusonyeza kuti wakhala chomwecho zaka zambiri.

"Amakhala apa ndani?"

"Odandaula."

"Odandaula za chiyani?"

"Nyale ya mumsewu yazima. Galu wa neba. Ngalande yatsekeka. Ndikati lowani, amati yambani mwathandiza enawo, ine sindikufulumira." Mayi Piroska anadzigwira pakamwa ngati wapsa ndi supu. Kenako, ndi mawu ofewa amene Benedek sanawamvepo kwa iwo, anati, "Pita kunyumba, mwanawe. Ukadye."

Akutsika masitepe, Benedek anaona kuti mlanduwo watembenuka. Funso silinalinso lakuti anaba ndani. Funso linali lakuti ndi munthu wanji amene mlonda wolongolola ndi mayi wamiseche angamubise onse awiri, osapangana, uku akumumvera chisoni wapolisi wofunsayo.

*

Áron Dimény anakhala pabenchi ya m'chitokosi atagwira buluku lake m'chiuno, poti lamba anamulanda. Zala zake zinali ndi timabala tambirimbiri ta galasi.

"Mwabwera kudzandifunsa Chiromaniya?" anatero. "Ndimachidziwa pang'ono. Kumeneko amanditchula Mhangare."

"Belu la masana litalira munali kuti?"

"Pafoni ya pakona, kuimbira mkazi wanga. Mwana wamng'ono akutentha thupi. Sanayankhe, anali atapita naye kuchipatala. Mboni yanga ndi foni imene sinayankhidwe. Lembani."

"Nkhope ija ingagulitsidwe?"

"Kwa ndani? Ili pathumba lililonse la ufa. Kuba imeneyo kuli ngati kuba nsanja." Anapukusa mutu. "Ndinaisambitsa ndi thonje ngati khanda, bwana. Ndikanafuna kuiba ndikanaitana mzinda wonse kudzaonerera?"

"Alipo anakufunsani funso lachilendo dzulo?"

Áron anaganiza pang'ono.

"Mayi wina. Ndinkafotokoza kuti pankhope yatsopano ndidzakonza kamzere kamene kali pansidze yakumanzere, poti utoto unang'ambika. Iye anati, si kung'ambika kumeneko, ndi chipsera, anagwa mumtengo wa pabwalo. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Kenako anachita chizungulire. Atachoka onse ndinayang'ana ndi galasi lokulitsa. Kamzereko anachita kukajambula ndi burashi, n'kukawotchera m'ng'anjo pamodzi ndi nkhope yonse. Mayiyo ananena zoona."

"Dzina lake?"

"Ine ndine mlendo, bwana, sindidziwa kuti uyu ndi wa kwa yani. Wamfupi, wa imvi. Chijasi chobiriwira chokhala ndi batani limodzi losiyana ndi anzake. Zala zofiira ndi tsabola. Amatsimphina mwendo wamanja."

Batani limenelo Benedek ankalidziwa. Linachokera pa yunifolomu yake yoyamba.

Anapisa m'thumba kuti manja apeze chochita, natulutsa kamwala kaja.

"Nanga aka?"

"Ndinawauza abwana anu, anandiseka. Mbala sisiya mwala, bwana. Kwathu kuseri kwa njanji kuli manda a Ayuda. Iwo sapita ndi maluwa. Amaika timiyala totere pachiliza, kusonyeza kuti munthu anabwera, sanaiwale. Kuno mulibe Ayuda?"

"Kulibe," anatero Benedek. "Sunagoge wawo ndi sitolo ya mipando."

Koma maso ake anali kale kumanda a Akatolika, pa tsiku la oyera mtima onse, pamene mzinda wonse umayatsa makandulo. Chaka chilichonse amayi ake akayala maluwa pachiliza cha bambo ake, ankawerama n'kuikapo kamwala. Iye ankayesa kuti n'kopsinjira riboni kuti isauluke ndi mphepo.

Akale anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Sananene kuti kamacheka ndani.

*

Anawapeza amayi ake, a Irén, pakhonde lakuseri, akutunga tsabola wofiira pa ulusi kuti aume. Mikanda ya tsabola inali italendewera kale m'mphepete mwa denga. Chijasi chobiriwira chinali pamsomali.

"Wabwera masana? Akuchotsa ntchito?" anatero osadzutsa mutu. "Supu wa nyemba ali pambaula."

Benedek anaika kamwala kaja patebulo, pakati pa tsabola.

Singano inaima. Amayi ake anakayang'ana, kenako anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Vendel ndi amene wakuuza?"

"A Vendel aiwala chilichonse. Mayi Piroska achita khungu."

"Anthu abwino," anatero. "Opusa, koma abwino. Bwera."

Kuchipinda kwawo makatani anali otseka, kupatula kampata kamodzi. Pakampatapo, chotsamira zenera, panali nkhope ija, yaikulu ngati mbale yodyera. Dzuwa la madzulo linkadutsa m'menemo. Benedek anakula akuiona patali, pamwamba pa masitepe, ngati mwezi. Tsopano anaiona pafupi: kamtsikana kamene kakuyesetsa kusaseka, chipsera pansidze, chibwano chokhala ndi kadzenje pakati. Dzanja lake linapita lokha pachibwano chake.

"Awa ndi amayi anga. Dzina lawo linali Malvin," anatero a Irén. "Wojambula zenera lija ankachita lendi kwa agogo anga, okonza mawotchi, ndiye anapatsa amayi mtolo wa tirigu kuti agwire. Ankandiuza kuti unkawayabwa koopsa. Tikamakwera masitepe aja ankandinyamula, amvekere, uyo ndine, ndili msinkhu wako."

"Koma amayi anu ndi a Borbála, agogo anga aja," anatero Benedek.

"A Borbála anali ochapa zovala kwathu." Anakhala pabedi. "Chaka cha nkhondo chija anatisonkhanitsa ife Ayuda pabwalo la Nyumba ya Mzinda yomweyo, kuti tipereke makiyi a nyumba. Apolisi a nthenga za tambala pachipewa. A Borbála ankadutsa ndi dengu la zochapa. Amayi anangondikankhira m'siketi mwawo, amvekere, pita ndi azakhali ukawathandize kuyanika. Ndinapita ndikunyinyirika. Sindinatembenuke n'komwe, Benci. Ndinali nditakwiya kuti andipatsa ntchito."

Benedek anafuna kunena kanthu, koma mafunso onse amene anaphunzira kusukulu ya polisi anali a anthu ena.

"Enawo anawatengera kufakitale ya njerwa, kenako anawakweza sitima, osabwerakonso. M'nyumba mwathu munalowa anthu ena. Zithunzi anasonkhezera moto, amafuna mafelemu. Nkhope ya amayi anga inatsala imodzi padziko lonse, ndipo inali ya khonsolo. Ndiye ndinkapita kukadandaula za nyale." Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Nyale ya mumsewu uno sinazimepo."

"Bambo ankadziwa?"

"Ankadziwa. Anati mwana tisamuuze, zinthu izi zimapita n'kubweranso. Tsiku limene unabwera utavala yunifolomu ndinakhala sabata osakulankhula. Unkayesa kuti ndimafuna ukhale dokotala."

"Nanga kamwala?"

"Ndakhala nako m'thumba zaka zambiri. Alibe manda, ndikanakaika pati? Dzulo nditanyamula nkhopeyo papepala, ndinaona malo amene anagona. Aka kanali koyamba kuona malo amene amayi anga anagonapo." Anamuyang'ana. "Akufuna kuwatsekera m'bokosi, kuwakweza sitima, kupita nawo kumene sindingawaone. Kachiwiri, Benci. Ine ndili chiimire pomwepo."

Kunja galu wa neba anauwa, nasiya. Benedek anaona mmene zikanakhalira zosavuta. Kutseka katani, kudya supu, kubwerera kuofesi n'kunena kuti sanapeze kanthu. Mzinda wonse ukanamuthandiza kuiwala. Unali ndi luso limenelo.

"Amayi," anatero, "agwira munthu."

"Ndani?"

"Mmisiri uja. Ali m'chitokosi chigonere dzulo. Lolemba akamuweruza n'kumuthamangitsa m'dziko muno ndi banja lake. Mwana wake wamng'ono akudwala."

"Koma sanatenge iyeyo. Alipo anamuona?"

"Palibe."

"Nanga amugwiriranji?"

Benedek anayang'ana pansi. "Akuti si wakuno."

Dzuwa linasuntha pang'ono, ndipo kuwala kwa nkhope ija kunatsika kuchoka pakhoma kufika pamanja ofiira a amayi ake.

"Ndipo Vendel akudziwa," anatero. "Piroska akudziwa. Angokhala chete."

"Amakukondani."

"Nthawi ijanso anthu ankatikonda."

Anaimirira, namasula epuloni, naipinda bwinobwino. M'kabati anatulutsa thaulo loyera, la alendo. Ananyamula nkhope ija ndi manja awiri, naiyang'ana, napukuta kafumbi pansidze ndi chala chachikulu. Kenako anaikulunga, ngodya imodzi, ina, inanso.

"Ndipatseni, ndikanena kuti ndaipeza patchire," anatero Benedek. "Palibe adzafunse."

"Ndiye adzati Mromaniya anaitaya atachita mantha. Ayi. Ndipatse chijasi."

"Amayi, Bwana Rácz adzafuna kulemba zonse. Mawa mzinda wonse udzakhala utamva."

"Aleke kulemba iyeyo, sadziwa kulemba. Ulembe iweyo."

Anayenda wapansi, poti a Irén anakana galimoto ya polisi. Anadutsa msika umene unali kutsekedwa, sitolo ya mipando, ndi Nyumba ya Mzinda imene denga lake linkanyezimira ngati kuti palibe chimene linaonapo. A Vendel anali pakhomo. Ataona thaulo lija anavula chipewa.

Kuofesi, Benedek anawakokera mpando, nalowetsa pepala m'makina otayipira. Anatayipa tsiku ndi malo. Pamzere wotsatira zala zake zinayamba zokha kulemba dzina limene analidziwa moyo wake wonse.

"Limenelo ayi," anatero amayi ake. "Limenelo anandipatsa abambo mfumu kuti ndisafe. Funsa monga umafunsira anthu ena."

Benedek anatulutsa pepalalo, nalowetsa lina.

"Dzina lanu ndani, mayi?"

A Irén anakumbatira thaulo lija pachifuwa. Milomo yawo inayamba yayesa kaye popanda mawu, ngati munthu amene akuponda pansi koyamba atadwala nthawi yaitali.

"Eszter," anatero. "Eszter Grünfeld, mwana wa Malvin. Lemba msanga, mwanawe, munthu uja akaone mwana wake kusanade."